Atipatsa Zingati?

Funso ndalemba pamwambali ndinalimva pa Minga Stop m'mwezi wa Julaye caka ca 2021, ndipo linaturuka m'kamwa mwa mnyamata amene anakhoza bwino mayeso ace a Giredi 12. Caka cimeneco misonkhano yaikuru ya cisankho inaletsedwa cifukwa ca mliri wa korona, cotero mkuru wina anampempha kuti ayende naye khomo ndi khomo kukauza anthu za munthu amene iwo anafuna kuti akhale phungu. Mnyamatayo sanafunse kuti munthuyo ndani, kapena kuti adzaticitira ciani. Anangoti, "Atipatsa zingati?" Atamva kuti palibe malipiro, anabwerera kukakhala pa benci la sitolo. Ine ndine kalaliki wa boma, ndipo malamulo a nchito yanga sandilola kubvala malaya a cipani ciri conse. Motero musayembekeze kuti ndikuuzani woti mumsankhe. Mlandu wanga uli ndi funso lija, ndi inu anzanga otsiriza sukulu amene mwalisandutsa nzeru.

Tiyambe ndi samu, popeza munaiphunzira. Tinene kuti akupatsani K50 ndi citenje. Phungu akhala m'Nyumba ya Malamulo zaka zisanu, ndiwo masiku 1,825. Mukagawa K50 pa masiku amenewo simupeza ngakhale mangwee atatu pa tsiku. Tsono taonani cimene mwagulitsa. Ndalama za citukuko za dera la phungu, zochedwa CDF, zinali K1.6 miliyoni pa caka kufikira 2021, koma m'2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zinakweranso zaka zotsatira. M'ndalama zimenezo muli zipinda za sukulu, mijigo, milatho ya pa mitsinje yathu, ndi cithandizo ca ana ofuna kuphunzira nchito zamanja. Phungu akhala m'bungwe loweruza za ndalamazo, ndipo ena a m'bungwemo asankhidwa ndi iye. Munthu wogulitsa ng'ombe pa mtengo wa dzira timamucha wopusa. Nanga wocita izi ali ndi setifiketi m'thumba timuche ciani?

Makolo athu sanatero. M'cisankho ca pa 30 Okutobala 1962, pamene dziko lino linali Northern Rhodesia, voti silinali la munthu ali yense. Panali mipambo iwiri ya maina, wapamwamba ndi wapansi, ndipo kuti munthu alembedwe anafunsidwa za maphunziro ace ndi cuma cace. Pa mpambo wapansi, pamene panali anthu akuda ambiri, maina sanafike 100,000. Cipani ca UNIP cinalibe nkhokwe ya ndalama yolingana ndi ya United Federal Party ya Sir Roy Welensky. Cimene cinali naco ndi nthambi m'midzi ndi m'makomboni, mabungwe a amai ndi a anyamata, ndi anthu oyenda pansi kapena pa njinga kufunafuna ali yense woyenera kulembedwa. Ku Lusaka Mai Julia Chikamoneka anali kuyenda usiku akugwedeza citini ca miyala, kudzutsa anzao kuti akasonkhane. UNIP inapeza mipando 14, ANC ya Harry Nkumbula 7, ndipo pogwirizana anapanga boma m'Disembala caka comweco. Pofika Januwale 1964, voti litapatsidwa kwa akuru onse, UNIP inatenga mipando 55 mwa 65 ya pa mpambo waukuru. Anthu ao akadayamba afunsa za malipiro, kaya mbendera ija ikadatsika pa 24 Okutobala 1964.

Sindifuna kukunamizani kuti onse anali angelo. Anyamata ena a cipani comweco, ufulu utabwera, anaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kuumiriza anthu kuonetsa khadi, ndipo kuyambira 1973 kufikira 1991 tinalibe cipani cina coti tisankhe. Makada a masiku athu, oyenda ndi zikwanje pa malole, ndiwo adzukulu a mkhalidwe umenewo. Koma zindikirani pamene cinthu cinaonongekera: munthu wodzipereka anayamba kudya za cipani, ndipo wodya za mwini sangamdzudzule mwiniyo. Kada ali ndi bwana. Wogwira nchito mwaufulu ali ndi mnzace amene angamfunse pamaso pa anthu kuti mlatho uja uli kuti.

Ndidziwa cimene mudzandiyankha, pakuti ndacimva kawirikawiri. Mudzati, "Inu a kalaliki mulandira pa mwezi, ife tiribe nchito, ndipo fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo." Njala sindiinyoza. Cirala ca 2024 cinapsereza cimanga kuyambira ku Nyimba kufikira kwa Kalindawalo, ndipo ndinaona nyumba zogona ndi madzi okha. Ena mwa inu mudzaonjeza nzeru ija inachuka m'cisankho ca 2011, yakuti landira mphatso, khala cete, ukaponye voti kumene mtima wako ufuna, popeza m'kacipinda muja uli wekha. Nzoona kuti voti ndi lacinsinsi. Koma nzeruyo iri ndi mcira. Phungu amene anamwaza ndalama kuti alowe saiwala zimene anamwaza, ndipo adzazifuna m'zaka zisanu zija. Kodi muganiza adzazipeza m'thumba la yani? Ndiponso tikazoloweza ofuna mpando kuti kuno salowa cimanjamanja, tatseka khomo kwa mphunzitsi wopuma, kwa namwino, ndi kwa inu eni. Malamulo a dziko monga anakonzedwa m'2016 afuna kuti woima pa uphungu akhale ndi setifiketi ya Giredi 12 kapena yolingana nayo. Pepala limenelo muli nalo, koma mtengo wa mpando mwaukweza ndinu nokha kufikira pamene simungaufike. Otsala ndi alendo a magalimoto akuru ocokera ku Lusaka, ndipo mlendo ndi mame.

Nanga nchito imene ndikunenayi njotani? Siyamba mwezi wa cisankho ai. Iyamba ndi kope ndi pensulo. Munthu atenga citupa ca dziko, cija ticicha reji, pa zaka 16, ndipo aponya voti pa zaka 18 ngati dzina lace liri m'kaundula wa Electoral Commission of Zambia. M'mudzi uli wonse muli anamwali amene sanatenge reji, nkhalamba zimene khadi lao linapsa ndi nyumba kapena linadyedwa ndi ciswe, ndi akazi okwatiwa kucokera kutali amene maina ao anatsala kwao. Wowalemba anthu amenewa, nadziwa tsiku limene olembetsa afika pa sukulu yapafupi, nawaperekeza, napitanso kukaona ngati maina alembedwa bwino pamene kaundula aikidwa poyera, wacita zoposa wobvina pa lole mwezi wathunthu. Musati mavoti owerengeka alibe kanthu. M'Januwale 2015 Edgar Lungu anaposa Hakainde Hichilema ndi mavoti 27,757 okha m'dziko lonse, ndipo mwa anthu atatu ali onse olembedwa, awiri sanapite kukaponya. Madera a aphungu anali 150 nthawi imeneyo. Gawani, mupeza mavoti 185 pa dera limodzi, ndiwo anthu a midzi iwiri kapena itatu.

Ndipo pali usiku wa kuwerenga. Woima pa cisankho ali yense aloledwa kukhala ndi omuimira m'cipinda coponyera voti, oona bokosi likutsekedwa m'mawa, nakhalapo kufikira pepala lotsiriza litawerengedwa. Ziwerengero zilembedwa pa fomu imene m'2021 inachedwa GEN 20. Omuimira asaina, natenga kope lao, ndipo lina limamatidwa pakhomo kuti onse aone. Pa 12 Ogasiti caka cimeneco ndinatsala pa sukulu ina kufikira usiku kudikira ziwerengero. Anyamata awiri oimira munthu wina wacuma anayamba kung'ung'udza dzuwa likupendeka, kuti cakudya ndi ndalama zimene analonjezedwa sizinafike. Mdima utagwa anazemba, ndipo malo ao pa fomu anatsala osasainidwa. Pambali pao panali mai wina woimira munthu wosachuka, amene anadza ndi mbatata zophika m'kambale ndi toci yace. Iyeyo anakhala kufikira nkhuku zoyamba, nalemba nambala iri yonse m'kope la mwana wace wa sukulu. Munthu wace sanapambane pa malo amenewo, koma palibe akadatha kumuuza bodza za mavoti a pa sukulu ija.

Enanso amati kuno kum'mawa cipani ndico cisankha, ife tingotsata. Pali cifukwa conenera motero, pakuti m'1991, dziko lonse litatembenukira ku MMD, mipando yonse 19 ya cigawo cino inatsala ndi UNIP. Koma m'2021 dera la Nyimba ndi la Petauke Central anasankha anthu oima paokha opanda cipani, ndipo ku Petauke anagwa ndi Mai Dora Siliya, amene anali nduna ya boma. Sindinena kuti kusankha konseko kunali kwanzeru. Mpando wa Petauke Central unakhala wopanda mwini zaka zisanu zisanathe, ndipo anthu anaponyanso voti m'Febuluwale 2025. Cimene ndinena ncakuti mpando sukhala colowa ca munthu kapena ca cipani, ndi kuti musanapereke miyendo yanu kwa munthu muyambe mwamfunsa mafunso olimba, monga acitira ankhoswe asanabvomere ukwati.

Cisankho cacikuru cicitika pa Lacinai laciwiri la Ogasiti zaka zisanu ziri zonse, ndipo zisankho zapadera za aphungu ndi makhansala zigwa nthawi iri yonse. Mnyamata uja wa pa Minga Stop ndinakomana nayenso. Anali kudandaula kuti dzina lace silinaturuke pa mpambo wa olandira cithandizo ca maphunziro, ndi kuti a m'komiti ya citukuko ya wadi yace sawadziwa nkomwe. Ndinamfunsa ngati anapitako tsiku limene komitiyo inasankhidwa. Anati sanapite, cifukwa anamva kuti kulibe alawansi.