Nambala ya pamkono

Ndili ndi chizolowezi choipa chofufuza zinthu zakale pa foni usiku mpaka bandulo kutha. Sabata yatha ndinaona chithunzi cha kachitsulo kooneka ngati dzira, kolembedwa nambala. Ndinkayesa mendulo ya msilikali, koma ayi ndithu, inali baji ya wopalasa bwato wa pamtsinje wa Thames ku London.

Mpaka mu 1750, pakatikati pa London panali mlatho umodzi wokha, London Bridge. Ofuna kuwoloka ankadalira opalasa mabwato. Ena ankalipiritsa mmene afunira, ena sankawadziwa n'komwe madziwo, moti anthu ankamira. Mu 1514 nyumba ya malamulo inaika mitengo, ndipo mu 1555 lamulo lina linakhazikitsa bungwe la opalasawa, Company of Watermen. Mu 1700 analowamonso oyendetsa mabwato a katundu. Patapita nthawi, mnyamata ankayenera kuphunzira kwa katswiri zaka 7 asanaloledwe kunyamula anthu payekha.

Baji ija wopalasa ankavala pamkono wa jekete, poonekera. Nambala yake inalinso m'kaundula wa bungwe. Akakubera, kukutukwana kapena kudzaza bwato mopitirira, unkangokumbukira nambala n'kukadandaula. Munthu wovala nambala sathawa mlandu wake.

Inalinso ulemu. Mu 1715 katswiri wa zisudzo Thomas Doggett anayambitsa mpikisano wa opalasa ongomaliza kumene maphunziro, kuchokera pa London Bridge kukafika ku Chelsea, mtunda wa makilomita oposa 7. Wopambana amalandira jekete lofiira ndi baji yasiliva ya chithunzi cha hatchi. Mpikisanowu ukuchitikabe mpaka lero.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kuntchito. Mnyamatayo anathamanga ngati wathawa ngongole, ine mtima uli m'mwamba, opanda chipewa. Nditatsika ndinazindikira kuti sindikumudziwa dzina, siteji yake, ngakhale nambala ya njinga. Akanandigwetsa, ndikanakanena kwa ndani?

Masiteji ena a kabaza ali ndi mavesiti a nambala ndi wapampando wolandira madandaulo. Kale ndinkaziona ngati chibwana. Tsopano ndimayenda mamita angapo kuti ndikakwerere pamenepo. Inunso mukamakwera mawa, kaya ndi njinga kaya ndi bwato la pa Shire, yambani mwaona nambala. Ngati palibe, funsani dzina, ndipo mutumizire m'bale wanu pa WhatsApp musananyamuke.