Mantha a maso asaphetse chiwindi

Amene anamva kuti mankhwala a hepatitis C amaononga maso sananamizidwe, koma nkhani imene anamvayo ndi yakale. Kwa zaka zambiri matenda a chiwindi amenewa ankachizidwa ndi jakisoni wa interferon pamodzi ndi mapiritsi a ribavirin, kwa masabata 24 mpaka 48. Interferon ankavulaza timitsempha ta magazi ta retina, kachikopa ka m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala. Adokotala akaunika ankapezamo timadontho toyera ngati thonje, pena magazi otayika pang'ono. Kwa ambiri zimenezi zinkatha zokha, ochepa okha ndiwo maso ankaonongekeratu, ndipo ngozi inkakulira odwala shuga ndi a kuthamanga kwa magazi.

Mu 2013 dziko la America linavomereza sofosbuvir, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti akuluakulu azichizidwa ndi mapiritsi a mtundu watsopanowu m'malo mwa interferon. Ambiri amamwa masabata 12, ndipo oposa 95 pa 100 alionse amachira. Wokana mapiritsiwa poopa khungu akuthawa jakisoni amene sapatsidwa n'komwe, uku kachilombo kakuumitsa chiwindi mwakachetechete mpaka khansa.

Komabe maso si oti n'kuwaiwala, makamaka kwa Mmalawi, Mzambia kapena wa ku Tete wogwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Chipatala cha boma cha Kempton Park chinatsekedwa kumapeto kwa 1996; wopanda ndalama za chipatala cholipira amalowera ku Tembisa, ndipo St John Eye Hospital ili kutali, ku Soweto. Ulendo uliwonse umadya malipiro a tsiku, choncho tsiku loonana ndi dokotala lisapite pachabe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwala apemphe kuti amulembere dzina la mankhwala papepala, anene ngati ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, apemphenso kuti amuunike m'maso asanayambe kumwa. Chizungu chikavuta, atenge mnzake womasulira.

Kachilomboko pakokha kamathanso kuumitsa maso, motero kuyabwa kulikonse si mlandu wa mapiritsi. Koma woyamba kuona mwachimbuuzi mwadzidzidzi apite kuchipatala tsiku lomwelo, asayambe wadonthezamo mankhwala ogula pamsewu.