Laibulale si Chipinda Chodikirira Mayeso

Chakumapeto kwa mwezi wa Meyi, masika akutha, ndidalowa m'laibulale ina m'tauni ina m'dziko la Malawi. Mipando yonse idali yodzaza, ndipo mlendo wongodutsa akadatha kunena kuti mtundu uwu ndi wokonda kuwerenga. Koma nditayang'anitsitsa ndidaona kuti onse okhala pamipandoyo adali amsinkhu umodzi: anyamata ndi atsikana okonzekera mayeso a MSCE, aliyense atawerama pakope lake lomwe adachoka nalo kunyumba. Mabuku a m'mashelefu sadawakhudze. Mudalibe mwana wamng'ono, mudalibe mayi wobereka khanda, mudalibenso gogo. Chomwe achinyamatawo adadzera ndi tebulo ndi bata basi. Ine ndikuti nyumba yotereyi, ngakhale idzaze chotani, siidakwanitse kukhala laibulale ya anthu onse, ndipo mlandu wake tili nawo tonse, makamaka ife amene timadya za chiyankhulo ndi zolembalemba.

Anzathu amene adaphunzirako kumaiko a kumpoto amabwera ndi nkhani zokoma za malaibulale a kumeneko. Amasimba kuti mu Novembala, masamba atayoyoka ndipo dzuwa likulowa msanga, laibulale imatulutsa ndondomeko ya zochitika ya banja lonse: nyimbo ndi nthano za makanda m'mawa, thandizo la ntchito ya kusukulu madzulo, magulu okambirana buku limodzi, ndi mikumano ya okalamba oluka zovala. M'nyengo yozizira ya 2022, mtengo wa magetsi ndi gasi utakwera, malaibulale ambiri a ku Britain adatsegula zitseko kuti osowa chotenthetsera nyumba azikakhalamo. Akatha kusimba, anzathuwa amatsiriza ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse, akuti kwathu kuno zoterezi sizingatheke chifukwa ndalama palibe. Apa ndi pamene ndikusiyana nawo. Iwo adaona makapeti ndi makompyuta, koma chenicheni chidawaphonya. Oyendetsa malaibulale amenewo adadzifunsa kuti anthu awo akuchita chiyani m'nyengo imeneyo, akusowa chiyani, ndipo amayankhula chiyankhulo chanji. Mafunso atatuwa safuna thandizo lochokera kunja.

Tikawafunsa kwathu kuno, yankho silikhala Novembala. Mu Novembala mlimi amakhala akumaliza kugalauza ndi kuyang'ana mitambo, ndipo womuitanira kokamvera nthano ndiye kuti sadziwa khasu. Nyengo yathu yofanana ndi yomwe anzathu amasimba ndi kumapeto kwa masika, kuyambira Meyi kulowa m'chisanu cha Juni ndi Julaye. Chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, misewu yauma, mausiku atalika, ndipo anthu apeza mpata wopuma. Makolo athu adaidziwa bwino nyengo imeneyi. Ndi pamene ana ankasonkhana kukuka kwa agogo, akutonola chimanga kapena kuswa mtedza, n'kumamva nthano ndi kuponyerana zilape. Ndi pamene anyamata kumphala ankaphunzira mbiri ya fuko lawo. Miyambo yambiri, kuphatikizapo Gule Wamkulu yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, imachuluka zokolola zikatha. Kunena mwachidule, ndondomeko ya maphunziro a misinkhu yonse yoyendera nyengo tidali nayo kale laibulale isanafike. Chodabwitsa n'chakuti laibulale itafika siidafunse n'komwe.

Bungwe la National Library Service lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967 ndipo lidayamba ntchito mu 1968, chaka chomwecho chimene Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Zinthu ziwirizi zidabadwa pamodzi ngati mapasa, koma zidakula mosadziwana kwenikweni. Mashelefu ambiri adadzazidwa ndi mabuku amphatso ochokera kutsidya kwa nyanja. Mphatso sitiinyoza, komatu wopereka amapereka chomwe ali nacho, ndipo ku London kapena ku Ottawa kulibe mulu wa mabuku a Chichewa wodikira kutumizidwa. Zotsatira zake n'zakuti mayi amene adalekeza sukulu mu Sitandade 5, yemwe amawerenga bwinobwino Baibulo ndi buku la nyimbo m'chiyankhulo chake, akalowa m'laibulale amasanduka mbuli. Salowanso kachiwiri, ndipo mwana wake amakula akudziwa kuti nyumba ija ndi ya ena.

Sindikunena kuti palibe chomwe chachitika. Bungweli lidasindikizapo timabuku ta ana m'gulu la Werengani, ndipo m'zaka za m'ma 2010, mogwirizana ndi Malawi National Commission for UNESCO, lidayenda m'maboma kujambula nthano kuchokera pakamwa pa akuluakulu, n'kuyamba kusonkhanitsa ana kulikulu lake ku Lilongwe kuti azizimvera. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, ndipo ndi umboni wanga waukulu, pakuti idaonetsa kuti ana amabwera akaitanidwa m'chiyankhulo chawo. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani chinthu choyenera kukhala msana wa ntchito ya laibulale chimaoneka ngati pulojekiti yapadera, yodalira abwenzi akunja, yopezeka mumzinda waukulu?

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo ndiziyankha imodziimodzi. Yoyamba ndi ya ndalama. N'zoona kuti malaibulale athu ndi osauka, ndipo boma liyenera kudzudzulidwa pa chimenechi. Koma kodi kuyala mphasa pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale Loweruka masana kumadya ndalama zingati? Mphunzitsi wopuma ntchito wowerengera anzake mutu umodzi wa Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la 1933, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, safuna jenereta. Mlangizi wa zaulimi wofotokoza kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asachiononge, m'mwezi womwe nkhaniyo ili pamtima pa aliyense, ali kale pamalipiro a boma. Umphawi tili nawo, koma tausandutsa chofunda chobisira ulesi wa maganizo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti ana akufunika Chingerezi, pakuti ndicho chiyankhulo cha mayeso ndi ntchito. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, kusiya njira ya 1996 yomwe inkalola ziyankhulo za makolo kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Kwa ine ichi chikungokulitsa udindo wa laibulale. Ngati sukulu yachepetsa malo a chiyankhulo cha mwana, payenera kukhala nyumba ina ya boma kumene mwanayo angakumane ndi chiyankhulo chake chitalembedwa mwaulemu. Akatswiri a ziyankhulo timadziwa kuti luso lowerenga limaphunziridwa kamodzi, ndipo limaphunziridwa msanga m'chiyankhulo chomwe mwana amamva kale. Akalipeza amalisamutsira ku chiyankhulo china. Ena amatchula William Kamkwamba wa ku Kasungu, yemwe atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 adapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy m'kalaibulale ka ku Wimbe n'kupanga makina amphepo opangira magetsi. Amati taonani mphamvu ya buku la Chingerezi. Koma mwini wakeyo adafotokoza kuti Chingerezi chinkamuvuta ndipo ankadalira kwambiri zithunzi. Nkhani yake ikutiuza za mnyamata amene adadumpha mpanda. Ife tiyenera kufunsa za anzake ambirimbiri amene mpandawo udawabweza.

Mfundo yachitatu ndi yakuti nthano ndi zilape si ntchito ya laibulale, pakuti laibulale ndi ya mabuku. Maganizo awa ndi akale ngakhale kwa eni ake amene tidawatengerako. Chikalata cha IFLA ndi UNESCO cha 1994 chonena za malaibulale a anthu onse chidatchula poyera kuti kuchirikiza zolankhulidwa pakamwa ndi umodzi mwa maudindo a laibulale. Ndiponso gogo wosimba nthano ndiye khomo lolowera ku buku. Mwana amene wamva za Kalulu Loweruka lino adzafuna kudziwerengera yekha Loweruka linalo, ndipo mdzukulu amene walemba nthano ya agogo ake m'kope wayamba kale kukhala mlembi.

Ndisamveke ngati ndikumenyera Chichewa chokha. Mbiri yathu ili ndi chilonda: mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ya boma ndipo chidabwerera mu 1994. Laibulale ya ku Mzuzu iyankhule Chitumbuka, ya ku Mangochi Chiyao, ndipo ya ku Karonga imve ziyankhulo za kumeneko. Ndiponso Chichewa sichithera pa Mchinji. Owerenga a ku Chipata ndi a ku Tete akadatha kusinthana mabuku ndi a ku Dedza, malaibulale athu akadakhala oyankhulana.

Tsopano ndibwere kwa ife eni tsamba lino. Mu Januwale 2000 alembi ndi akatswiri adakumana ku Asmara n'kulengeza kuti ziyankhulo za mu Africa ziyenera kusenza udindo woyankhulira Africa. Chaka chomwecho bungwe la Centre for Language Studies, lomwe lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Padutsa zaka zoposa 20, ndipo ife tikadalembabe za Chichewa m'Chingerezi, kuwerengerana tokhatokha m'misonkhano ya m'mahotela. Ophunzira athu amapita kumidzi kukatola nthano, miyambi ndi nyimbo, amalandira madigiri, ndipo zomwe adatolazo zimatsekeredwa m'makabati a yunivesite. Agogo amene adapereka nzeruzo samva n'komwe kuti zidathera kuti. Uku ndi kukolola m'munda wa eni osasiyako ngakhale chitsononkho.

Pempho langa ndi lapafupi. Dipatimenti iliyonse ya ziyankhulo za mu Africa isankhe laibulale imodzi yoyandikana nayo, ndipo igwirizane ndi oyang'anira ake za masabata a pakati pa Meyi ndi Julaye. Ophunzira azipita kukawerengera ana, kukalemba zomwe okalamba akusimba, kukathandiza akuluakulu ophunzira kuwerenga, ndipo ntchitoyo iziwerengeredwa pa maphunziro awo. Zomwe atola azibwezera pashelefu ya laibulale yomweyo, m'chiyankhulo chomwe zidanenedwera. Okonzekera mayeso asachotsedwe pamatebulo awo. Angophunzira kugawana nyumbayo ndi azing'ono awo ndi agogo awo. M'mera mpoyamba, ndipo masika akubwerawa ndi okwanira kuyambirapo.