Nyumba ya bambo athu yakanika kugulika chifukwa cha aneba

Ife ana a malemu, pamodzi ndi mayi athu amene tsopano akukhala kumudzi ku Thyolo, tikufuna anthu amve zomwe zikutichitikira. Bambo anatisiyira nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre, ya njerwa zootcha, yamalata, madzi ndi magetsi zilimo. Atamwalira tinatsata zimene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna. Kalata yoyendetsera chumacho tinalandira kukhoti, ndipo achibale onse anavomera kuti nyumba igulitsidwe, mayi amangiridwe kanyumba kumudzi, ndalama yotsala ilipirire sukulu ang'ono athu awiri. Wolanda katundu palibe, mkangano wa pachibale palibe. Atitsekera njira ndi aneba.

Kumtunda kwathu kuli bambo wina amene anasandutsa nyumba yake bala. Poyamba ankangogulitsa Chibuku pawindo, ife osadandaula, poti aliyense amasaka ya ndiwo. Lero masipika ali pakhonde, ndipo kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu malata athu amanjenjemera mpaka tambala woyamba. Chimbudzi chawo n'chimodzi, ndiye oledzera amataya madzi pampanda wathu. Pulasitala wayamba kuyoyoka, ndipo dzuwa likaswa mtengo fungo limafika mpaka kukhitchini. M'mawa mlongo wathu asanasese amayamba watola mabotolo osweka, ndi zina zoti sitingazitchule pano.

Ogula amabwera ndithu. Mayi wina namwino anafika ndi amuna awo Loweruka masana. Zipinda anazikonda, mtengo wa mapeyala kuseri anaukonda, mpaka anayamba kupimira pomwe angaike thanki ya madzi. Potuluka, woledzera wina anadzandira mpaka pageti n'kunena kuti, "Alamu, tigulireniko kamodzi tikulandireni bwino." Bambo aja anangoyang'ana akazi awo n'kutiuza kuti, "Tikuyimbirani." Sanayimbe.

Kumunsi nako kuli vuto lake. Aneba akumeneko anamanga mpanda wa njerwa pamwamba pa ngalande imene madzi a mvula ankatsikira, ndipo bikoni ya malire inazulidwa usiku. Tsopano madzi ochokera kuphiri amadzaima pakhoma lathu lakumbuyo, ndipo ndere zajambula mzere wofika m'mawondo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, munthu wa ku Blantyre salowa kaye pabalaza akafuna kugula nyumba. Amayamba wazungulira kuseri kuona njira ya madzi. Akangouona mzere uja, nkhani ya mtengo siyambika n'komwe.

Dobadoba wina anatipatsa nzeru zake: tipake penti khomalo, ndipo ogula tizibwera nawo Lachiwiri m'mawa nthawi ya chilimwe, bala ili chotseka. Mayi anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ana inu, dzina la bambo anu lisagulitsidwe limodzi ndi bodza." Komanso wogula wa masiku ano si wopusa. Amakaima pa okala kugula mayunitsi, n'kufunsa mwamasewera za dera, ndipo zonse amazimva pomwepo.

Musaganize kuti tangokhala. Kwa amfumu tinapita, bwalo linakhala, eni bala anapepesa pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti azitsitsa nyimbo. Sabata isanathe zinayambiranso. Makalata tinalemba ku maofesi oyenera. Woyendera anabwera, inde, koma anafika m'mawa, napeza mnyamata akukolopa, wailesi ili zii, n'kubwerera.

Chotiwawa koposa n'ichi. Mwezi wathawu eni bala omwewo anatuma munthu kuti nyumbayo aigule iwowo, pa theka la mtengo umene woyesa nyumba anatiuza. Akuti akufuna kuisandutsa malo ogona alendo awo. Wotumidwayo anatiponyera ndi mwambi womwe, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taonani: munthu waipitsa malo ndi manja ake, wathamangitsa ogula, kenako akubwera ngati wotichitira chifundo. Akudziwanso kuti nthawi ili kumbali yake. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwezi uliwonse umene tikudikira, simenti ndi malata a kanyumba ka mayi zikungokwera. Msonkho wa nyumba tikulipirabe, pomwe alendi amene tinaikamo mongoyembekezera anasamuka okha chifukwa mwana wawo sankagona.

Tikupempha akuluakulu amene amapereka ziphaso zogulitsira mowa kuti abwere Lachisanu usiku, cha m'ma 11 koloko, adzaime pageti pathu adzamve okha. Tikupempha oyesa malo abwezeretse bikoni pamalo pake ndipo ngalande itsegulidwe mvula isanayambe. Ndipo inu aneba athu, mukudziwa kuti pomanga nyumba zanuzo madzi munkatunga pampopi wa bambo athu, osakulipiritsani ndi tambala yomwe. Sitikuti bizinesi yanu itsekedwe. Tsitsani nyimbo, mangani chimbudzi china, boolani mpanda madzi adutse. Pa theka la mtengo, nyumbayi sitikugulitsani.