ZA PAKHOMO: Chotsukira nkhope cha mayi wa khungu losachedwa kupsa

Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe, mbatatesi nazo zikagulitsidwa, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'midzi ya ku Angónia ndi ku Tsangano. Nthawi yomweyi ndi imene mabenchi a pa msika wa Ulongue, pa Calomue ndi pa Lizulu amadzaza ndi pauda, lipisitiki, mapensulo a m'nsidze ndi mafuta a m'timabotolo tamitundumitundu. Wogulitsa amadziwa kufotokoza m'mene zinthuzi zimakongoletsera nkhope, koma za kachotsedwe kake madzulo sanenapo kanthu, pakuti chochotseracho iye sagulitsa.

Tsono madzulo akafika, mtsikana amene anali mperekezi wa mkwati tsiku lonse amabwera atatopa, madzi a mumtsuko atatsala pang'ono, kunja kukuzizira monga kumachitira mu Juni ndi Julayi kumapiri kuno. Amachita chimodzi mwa ziwiri: kugona ndi zodzolazo, kapena kutenga sopo wamtanda yemwe anachapira zovala dzulo n'kukwecha naye nkhope mpaka ithethereke. Ena khungu lawo limapirira zimenezi. Koma alipo amayi ndi atsikana ambiri amene m'mawa mwake amadzuka nkhope ikuyabwa, ikuwawa ngati yapakidwa tsabola, m'mbali mwa mphuno mukusupuka. Anthu otere akufunika chotsukira chosavuta, chosadya madzi ambiri ndiponso chosatha ndalama ya ndiwo.

Khungu la munthu lili ndi kamafuta kake pamwamba kamene kamagwira ntchito ngati dothi lozirira nyumba: kamatseka ming'alu kuti chinyezi chisatuluke ndiponso kuti zoipa zakunja zisalowe. Akatswiri ali ndi muyeso wotchedwa pH umene umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino ali pa 7. Zowawasa monga mandimu zili pansi, cha pa 2, ndipo za mtundu wa chidulo ndi soda zili pamwamba. Khungu labwino limakhala cha pa 5, pamene sopo wamba, amene amapangidwa pophika mafuta ndi soda, amakhala pa 9 kapena 10. Mayi aliyense amadziwa chimene chidulo chimachita ku therere kapena chigwada. Sopo waukali amachita zofananako ku nkhope: amasungunula kamafuta koteteza kaja n'kusiya khungu lili pamtetete. Sopo wochapira zovala anapangidwira litsiro la kumunda ndi mwaye wa miphika, ndipo sopo waufa ndiye woopsa koposa. Kukungika kumene munthu amamva kumaso akasamba ndi sopo wotere ambiri amakuyesa chizindikiro cha kuyera, pamene kwenikweni ndi khungu limene lauma.

Pa khungu lakuda kufiira sikuonekera msanga, choncho mwini wake amachedwa kuzindikira kuti nkhope ikupsa. Chimene amadzaona pambuyo pake ndi mawanga akuda pamasaya ndi pachipumi, chifukwa khungu lakuda likavulala limakonda kusiya banga limene limatha miyezi lisanazilale. Mawanga amenewa ndiwo amabwezera mtsikana kumsika kukafuna mafuta oyeretsa, ndipo pamenepo kavuto ka sopo kamasanduka matenda enieni.

Posankha sopo wa kumaso, mphuno ndiyo iyambe ntchito, koma mosiyana ndi m'mene anthu anazolowera. Ambiri amanunkhiza sopo n'kusankha wonunkhira kwambiri. Wa khungu losachedwa kupsa asankhe wosanunkhira konse, chifukwa mwa zinthu zonse zimene amathira mu sopo ndi m'mafuta odzola, zonunkhiritsa ndizo zimayabwitsa anthu kawirikawiri. Pa chikutiro cha katundu wochokera ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo pafunike mawu akuti "sem perfume" ndi "pele sensível". Pa wochokera ku Malawi kapena ku South Africa amalemba "fragrance free". Amene sawerenga atenge mwana wa sukulu popita kumsika, palibe chamanyazi. Sopo wamitundu yowala, wobiriwira kapena wofiira, alibe chimene amaposa woyera. Nayenso sopo amene amati ndi wamankhwala opha tizilombo, uja wonunkha chipatala, ali ndi ntchito yake kwina, koma pa nkhope yoyabwa amangowonjezera moto. Ngakhale sopo wa ana akhanda afunika kumununkhiza, pakuti wina amakhala ndi zonunkhiritsa zambiri.

Ulipo mtundu wina wa chotsukira wooneka ngati sopo koma wopangidwa mwa njira ina, ndipo pH yake ili pafupi ndi ya khungu. Wodziwika kwambiri mwa mitundu imeneyi ndi Dove, amene anayamba kugulitsidwa ku America mu 1957. Mtengo wake ndi wokwererapo kusiyana ndi sopo wamba, koma woganiza bwino amamudula pakati, chidutswa china n'kusunga, ndipo chinacho amachisungira nkhope yokha pamalo ouma pomwe ana sangachitenge kupita nacho kudambo. Nkhope ndi kamalo kochepa. Chidutswa chotere chimakhalitsa. Sopo wa glycerine, uja woonekera mkati, ndi wofatsirapo kusiyana ndi wochapira, ngakhale kuti akadali sopo ndithu.

M'mafamasi ndi m'masitolo ena mumapezeka mafuta oyera a m'chitini otchedwa aqueous cream, amene ambiri anawadziwira kwa abale ogwira ntchito ku Joni. Mafuta amenewa anapangidwa kuti alowe m'malo mwa sopo: munthu amawapaka pa nkhope yonyowa, n'kuwatsukuluza. Akagwiritsidwa ntchito motero amachotsa fumbi ndi pauda bwinobwino. Vuto limabwera pamene munthu awadzola n'kuwasiya pakhungu tsiku lonse, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala a thovu otchedwa sodium lauryl sulfate. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza kuti mafutawa akasiyidwa pakhungu angathe kuyabwitsa ndi kuwotcha, makamaka ana odwala matenda a khungu louma. Choncho wa khungu lovuta awatenge ngati sopo, asawatenge ngati mafuta odzola.

Kunena za kuchotsa zodzola zenizenizo, sopo si amene ayenera kuyamba. Lipisitiki, pensulo ya m'nsidze ndi zopaka zolemera za pa ukwati zimapangidwa ndi mafuta ndi phula kuti thukuta lisazichotse, n'chifukwa chake madzi amangoyenda pamwamba pake, ndipo munthu amakakamizika kukwecha. Chimene chimasungunula mafuta ndi mafuta anzake. Vaseline woyera, wopanda fungo ndi mtundu, amene wakhala akugulitsidwa kuyambira zaka za m'ma 1870, ndi chimodzi mwa zinthu zimene siziyabwitsa anthu kawirikawiri, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ali naye. Mafuta ophikira a mpendadzuwa amagwiranso ntchito yomweyi, malinga akhale atsopano a m'botolo, osati otsala m'chiwaya cha mandasi. Amene thupi lake limadana ndi mtedza asayese mafuta a mtedza.

Kachitidwe kake n'kachidule. Munthu asambe m'manja, atape Vaseline wochuluka ngati njere ya chimanga, apake pamilomo, pazikope atatsinzina, ndi ponse pamene pali zodzola, akusisita ndi nsonga za zala mopepuka. Adikire pang'ono kuti zisungunuke. Kenaka atenge kansalu kofewa, monga chidutswa cha chitenje chakale chimene chachapidwa kambirimbiri, akanyike m'madzi ofunda n'kupukuta modekha, kuchokera pakati pa nkhope kupita m'mbali. Pomaliza asambe ndi sopo wofatsa uja kamodzi kokha, thovu lisakhalitse, atsukuluze, ndipo aume pogunditsa nsalu pankhope osati kupekesa. Khungu likadali lachinyezi apakeko kamafuta pang'ono. Zonsezi sizitha mphindi zitatu, ndipo madzi a m'kapu ziwiri amakwana. Sipafunika kusonkha moto wina: kam'phika ka madzi kakaikidwa pamakala nsima itaphulidwa, pofika nthawi yogona amakhala atafunda bwino. Madzi otentha kwambiri amakoma mu Julayi koma amaumitsa khungu monga sopo waukali.

Amene nkhope yake ili ndi mafuta ambiri ndi ziphuphu asasiye mafutawo pankhope usiku wonse, asambe ndithu. Kansalu kaja kachapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lililonse, ndipo kasakhale kobwerekana. M'mawa, wa khungu louma angathe kusamba kumaso ndi madzi okha. Sopo kamodzi patsiku, madzulo, pamene nkhope yatola fumbi la kumunda ndi utsi wa kukhitchini, ndi wokwanira.

M'mafamasi a m'mizinda monga Tete, Lilongwe ndi Blantyre muli madzi ena a m'botolo olembedwa "água micelar" kapena "micellar water", amene amanyowetsera thonje n'kupukuta nalo nkhope popanda kukwecha. Amagwira ntchito, ndipo mphunzitsi kapena namwino amene amadzola tsiku ndi tsiku angaone kuti ndi ofulumira. Koma kwa mayi wodzola pa ukwati ndi pa Khirisimasi pokha, kugula botolo ndi thonje lake n'kutaya ndalama pa ntchito imene Vaseline akanagwira. Timapepala tonyowa topukutira nkhope tilinso pamsika. Timakhala ndi mankhwala otiteteza kuti tisavunde, ndipo ena mwa mankhwalawo ndiwo amayabwitsa. Wopukuta nato kapena ndi madzi a m'botolo aja achita bwino kutsukuluza ndi madzi wamba pambuyo pake.

Malangizo a pachitsime nawo ndi ambiri. Ena amati mandimu amachotsa mawanga, koma mandimu ndi owawasa kwambiri, ndipo madzi ake akakhala pakhungu munthu n'kuyenda padzuwa angathe kusiya banga loposa loyambalo. Mankhwala otsukira mano, phulusa, sipiriti ndi parafini zonse zamvekapo kuti zimaumitsa ziphuphu. Zimaumitsadi, pamodzi ndi khungu lomwe. Chinkhupule ndi cha kumsana, mwala ndi wa zidendene.

Chinthu chatsopano chilichonse, ngakhale chotamandidwa motani, chiyambe chayesedwa pamalo obisika. Madokotala a khungu amalangiza kupaka pang'ono m'kati mwa chigongono kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Ngati ndi sopo, apake n'kutsuka monga akanachitira kumaso. Kuyabwa kwina sikubwera tsiku lomwelo, kumadikira masiku awiri kapena atatu. Apa anamkungwi ndi azakhali okonza mkwati ali ndi gawo lawo: zodzola za pa ukwati zigulidwe milungu iwiri tsikulo lisanafike kuti ziyesedwe, osati dzulo lake. Ndiponso mwambo wojambula atsikana khumi ndi pensulo imodzi m'maso ndi njira yachidule yogawirana matenda a maso.

Sopo ndi mafuta olonjeza kuyeretsa nkhope m'masiku ochepa ndiwo ayenera kuopedwa kuposa zonse zatchulidwazi. Makatoni ake amakhala okongola, okhala ndi chithunzi cha mkazi wosalala, koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena ali ndi mercury, amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kuwononga impso ndi ubongo, ndipo amafika ngakhale kwa mwana amene ali m'mimba. Mu 2013 mayiko anagwirizana pangano la Minamata, dzina la mzinda wa ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa chifukwa cha mercury m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2023 anamanga mfundo yakuti pofika 2025 zodzola zothiridwa mercury zisapangidwenso kapena kudutsa malire. Ena ali ndi hydroquinone, amene dziko la South Africa linaletsa m'zodzola mu 1990 madokotala ataona amayi ambiri ali ndi mawanga akuda bii pamasaya osachokanso. Koma lamulo lolembedwa ku likulu silifufuza chikwama chilichonse chodutsa m'tinjira ta m'malire, ndipo katundu wina salemba n'komwe zimene zili m'kati.

Timachubu tolembedwa clobetasol kapena betamethasone ndi mankhwala enieni a kuchipatala, oyenera kuperekedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka. Akapakidwa kumaso kwa miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, ndipo nkhope imayamba kuwawa ngakhale ndi madzi okha. Amayi ena odandaula kuti khungu lawo ladana ndi sopo aliyense sanabadwe nalo choncho. Linafooketsedwa ndi timachubu timeneti, timene nthawi zina timasakanizidwa m'mafuta odzola mwini wake osadziwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti akasiya, nkhope imayamba yaipiratu kwa milungu ingapo, iwo n'kuganiza kuti mankhwalawo ndiwo amawathandiza, n'kubwereranso kwa wogulitsa. Wotere kusintha sopo kokha sikungamuchize. Apite kuchipatala atanyamula chubu, botolo ndi katoni yake kuti anamwino aone chimene chalowa m'khungu, ndipo amuuze njira yosiyira.

Ulendo wa kuchipatala ukufunikanso pamene nkhope ikutuluka madzi kapena mafinya, pamene kuyabwa kwatha milungu iwiri munthu atasiya zodzola zonse, ndi pamene pali banga lozungulira longa chipere, pakuti limenelo lili ndi mankhwala ake. Ngati milomo kapena zikope zatupa mwadzidzidzi munthu atangopaka chinthu, makamaka mpweya ukayamba kubanika, achibale atsuke nkhopeyo ndi madzi ambiri, apeze njinga yamoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.