Msilikali akavula yunifolomu, luso la mpira lipite kuti?

Tsiku limene timu ya Moyale Barracks ikusewera pabwalo la Mzuzu, anthu a ku Katawa sasowa kopita masana. Ena amayenda wapansi, ena amakwera kabaza, onse ulendo wokaonerera Mikango ya ku Kaning'ina. Mpira ukatha amabwerera kwawo akutsutsana za chigoli chomwe chakanidwa kapena penate yomwe woyimbira sadaione. Koma pali funso lomwe silimveka m'njiramo: mnyamata amene wathamanga mphindi 90 uja, pakatha zaka 15 kapena 20 adzakhala akuchita chiyani?

Wosewera wa timu ya asilikali amapuma kawiri. Koyamba amapuma pa mpira, miyendo ikayamba kulemera, n'kubwerera ku ntchito yomwe adalembedwera. Apa amaposa mnzake wa timu wamba chifukwa malipiro ake saima, ndipo n'chifukwa chake makolo ambiri amasangalala mwana wawo akatengedwa ndi timu ya kubalaki. Kachiwiri amapuma pa usilikali weniweniwo. Amabweza yunifolomu, amatuluka m'nyumba ya boma, n'kukasaka nyumba kumudzi kapena m'makomboni monga Katawa, Masasa, Chibavi ndi Mchengautuwa. Apa mpomwe nkhani yathu yagona.

Si chinsinsi kuti ambiri mwa asilikali opuma amathera ku kampani za alonda, ku ulimi kapena ku kagolosale ka pakhomo. Palibe cholakwika ndi ntchito zimenezi. Chodandaulitsa n'chakuti munthu amene wakhala zaka zambiri akuphunzira mpira, nkhonya, volleyball kapena kuthamanga, amatuluka pachipata cha balaki luso lonselo lili m'mutu, koma m'manja mulibe pepala loikira umboni. Ndipo masiku ano, pankhani ya masewero, wopanda pepala amaonerera ali kunja kwa waya.

Balaki ndi nazale

Tisanapite patali, tiyeni tivomereze kuti gulu lankhondo la Malawi Defence Force (MDF) lathandiza kwambiri masewero m'dziko muno. Lili ndi Moyale Barracks ku Mzuzu, Kamuzu Barracks ku Lilongwe, MAFCO ku Salima ndi Red Lions ku Zomba. M'chaka cha 2016 Kamuzu Barracks, pansi pa mphunzitsi Billy Phambala, idatenga chikho cha Super League, chomwe anthu adazolowera kuti n'cha Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers.

Chaka chomwecho amene adamwetsa zigoli zambiri mu ligi adali Richard Mbulu wa MAFCO. Ndi Mbulu yemweyo amene pa 29 March 2021 adagoletsa ndi mutu chigoli chomwe chidagwetsa Uganda pabwalo la Kamuzu n'kutumiza Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon. M'gulu lomwe lidapita ku Cameroon mudalinso Khuda Muyaba, amene anthu a ku Mzuzu adamudziwira ku Moyale asadapite ku Silver Strikers, komwe adatsogola pa zigoli mu 2019, kenaka ku Polokwane City ku South Africa.

Koma Mbulu ndi Muyaba ndi ochepa mwa ochepa. Kuti msilikali akasewere mpira wolipidwa kunja kwa balaki pamafunika chilolezo cha akuluakulu ake, ndipo kawirikawiri mapeto ake amayenera kusankha chimodzi, mfuti kapena mpira. Ambiri amasankha mfuti, ndipo sitingawadzudzule: mpira umatha ndi bondo limodzi, pomwe usilikali uli ndi penshoni. Vuto n'lakuti penshoniyo nayo siikhalitsa mphamvu. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adapuma zisadachitike izi akudziwa okha momwe ndalama yawo idafotera pamsika wa Mzuzu.

Pepala lomwe likufunika

Kale munthu ankakhala kochi chifukwa choti adasewerapo mpira ndipo ali ndi mawu okweza. Nthawi imeneyo idapita. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF lidakhazikitsa makwerero a malaisensi: woyamba kumene amatenga D, kenaka C, B, A mpaka Pro. Sungadumphe khwerero, ndipo pakati pa khwerero lina ndi linzake umayenera kuonetsa kuti wakhala ukuphunzitsa timu. Bungwe la Football Association of Malawi (FAM) ndi lomwe limachititsa maphunzirowa kuno kwathu, ndipo pansi pa malamulo opatsira matimu ziphaso, mphunzitsi wopanda laisensi yoyenera saloledwa kukhala pabenchi ya timu ya mu ligi yaikulu.

Tanthauzo lake n'lakuti kukwera makwerero onsewa kumatenga zaka. Msilikali amene wayamba kuganiza za laisensi atalandira kale kalata yopumira wachedwa. Maphunziro amafuna ndalama zolembetsera, zoyendera, zogona ndi zodyera. Ngati akuchitikira ku likulu la FAM ku Chiwembe, mu Limbe, munthu wa ku Katawa ayenera kuyenda mtunda woposa makilomita 600. Bambo amene akudikira penshoni, ana ali pasukulu, mayi akufunsa za feteleza, sangaike ndalama pa ulendo wotere. Fodya wake ndi amene ali pamphuno.

N'zoona kuti asilikali ena adatenga kale malaisensiwa, ndipo ndi omwe timawaona pabenchi za matimu a MDF. Koma benchi imakhala anthu angati? Timu imodzi imakhala ndi osewera oposa 25, pomwe aphunzitsi sapitirira ochepa. Otsalawo, kuphatikizapo alangizi a masewero olimbitsa thupi omwe gulu lililonse lankhondo limakhala nawo, amapuma mwakachetechete.

Chomwe anzathu akuchita

Ku America nkhaniyi adaiona kalekale. Mu 1944 adakhazikitsa lamulo lotchedwa GI Bill lolipirira maphunziro asilikali obwera kunkhondo. Alinso ndi ndondomeko ya SkillBridge yomwe imalola msilikali, m'masiku 180 omaliza a ntchito yake, kukaphunzira ntchito kwa olemba ntchito wamba uku akulandirabe malipiro a usilikali. Pa zamasewero, bungwe la Soldiers to Sidelines limaphunzitsa asilikali opuma ukochi n'kuwapatsa satifiketi, pomwe la Battlefields to Ballfields limawathandiza kukhala oyimbira masewero.

Wina anena kuti America ndi America, ife tilibe ndalama zotero. Zoona. Koma chomwe tingatolepo si kuchuluka kwa ndalama ayi, ndi nthawi yake. Maphunziro amayamba munthu adakali pantchito, malipiro akubwera, nyumba ilipo, chakudya chilipo. Ndiyo mfundo yonse.

Pafupi ndi kwathu kuno, Paul Tergat wa ku Kenya adali msilikali wa ndege zankhondo. Adaswa mbiri ya dziko lonse pa mpikisano wa marathon ku Berlin mu 2003, ndipo mu 2017 adasankhidwa kutsogolera komiti ya Olympic ya dziko lake. Si msilikali aliyense angafike pamenepo, koma zikuonetsa kuti njira yochokera kubalaki kupita ku ofesi ya zamasewero ilipo.

Mzuzu ali ndi zonse, kungoti zidabalalika

Chodabwitsa n'chakuti mzinda wa Mzuzu sufunika kumanga kanthu katsopano kuti uyese zimenezi. Balaki ilipo. FAM ili ndi malo ake ophunzitsirapo mpira ku Luwinga. Ku Luwinga komweko kuli sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu University, yomwe idatsegula maphunziro a kayendetsedwe ka zamasewero. Bungwe loyendetsa mpira m'chigawo cha kumpoto, Northern Region Football Association, nalo lili pomwepo. Asilikali olembedwa masiku ano amalowa ali ndi satifiketi ya MSCE, choncho maphunziro a m'Chingerezi sangawagwetse ulesi.

Ndipo ntchito si ukochi wokha. Mpira wa lero ukufuna oyimbira, ophunzitsa magoloboyi, olimbitsa osewera thupi, opereka thandizo loyamba wosewera akavulala, osamalira mabwalo, oyang'anira katundu wa timu ndiponso oyang'anira chitetezo pa masewero. Ntchito yomalizayi ndi yomwe imandidabwitsa kuti sitidaiganizire. Pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa pa mpanipani pachipata cha bwalo la Bingu ku Lilongwe. Kuyendetsa khamu la anthu ndi luso lomwe limaphunziridwa, ndipo munthu amene wakhala zaka 20 akuphunzira dongosolo ndi mwambo sayamba kutali.

Malo ogwirira ntchito nawo akuwonjezekera. Mu 2025 FAM, yomwe mtsogoleri wake Fleetwood Haiya adasankhidwira mu Mzuzu momwemu mu December 2023, idayambitsa ligi yachiwiri ya dziko lonse komanso ligi ya dziko lonse ya amayi. Timu iliyonse m'maligi amenewa ikufuna anthu a mapepala. Mpira wa amayi ndiye wadzuka: Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2025 idadzigulira malo koyamba ku mpikisano wa amayi wa mu Africa. Tabitha ndi Temwa Chawinga, omwe dzina lawo lamveka ku Ulaya, China ndi America, kwawo ndi ku Rumphi, pakhomo pomwepa. Ndani akudziwa kuti ndi atsikana angati otere akukankha chikulunga kuseri kwa nyumba ku Katawa popanda wowaona?

Mwana si rikuluti

Pali mbali ina yomwe okonda asilikali safuna kuimva, koma tiinene. Kukhala msilikali sikusandutsa munthu kukhala mphunzitsi wabwino wa ana. Ochemerera mpira akhala akudandaula kuti matimu a kubalaki nthawi zina amasewera mwankhanza, ndipo kaya dandaulolo n'loona nthawi zonse kapena ayi, kholo la ku Katawa lili ndi ufulu wofunsa kuti mwana wake akamuphunzitsa bwanji.

Ku MAFCO amaumba munthu wamkulu amene adasankha yekha kuvutika kuti akhale msilikali. Mwana wa zaka 10 sadasankhe zimenezo. Mafupa ake ngosakhwima, mtima wake suchedwa kusweka. Ukamukalipira pagulu kapena kumuthamangitsa kuzungulira bwalo kakhumi chifukwa waphonya chigoli, mawa sabweranso, ndipo mwina amene wathawayo ndiye adali Mbulu wa mawa. Kwa atsikana nkhani ndi yaikulu koposa, chifukwa kholo silingalole mwana wamkazi kubwera madzulo kuchokera ku mpira ngati silikhulupirira amene akumuphunzitsa. N'chifukwa chake FIFA mu 2019 idakhazikitsa ndondomeko ya FIFA Guardians yoteteza ana ku nkhanza m'masewero.

Apa mpomwe phindu lenileni la satifiketi likuonekera. Si pepala lokapezera ntchito lokha. Ndi kalasi momwe sajeni amaphunzira kutsitsa mawu, kusiya zina zomwe adazolowera pa perete, n'kusunga zabwino zomwe matimu athu ang'onoang'ono akusowa: kusunga nthawi, kusamala katundu, kukonzekera zinthu zisadachitike. Aliyense amene adaonererako mpira wa m'madera, womwe umalengezedwa kuti uyamba 2 koloko koma n'kuyamba dzuwa litapendeka chifukwa jezi zatsalira kunyumba kwa tcheyamani, akudziwa chomwe ndikunena.

Osalonjeza mwezi

Tisanamizane, satifiketi siphika nsima. Matimu ambiri a m'zigawo amalipira mphunzitsi mwa apo ndi apo, ena salipira n'komwe. Oyimbira akhala akudandaula za ndalama zawo zochedwa. Msilikali wopuma amene angalowe m'zamasewero akuyembekeza kulemera adzakhumudwa msanga. Chomwe ali nacho choposa anzake ndi penshoni yomwe ingamugwirizize uku akumanga dzina, mwina pa sukulu yoyima payokha yofuna mphunzitsi wa masewero, mwina ndi kagulu ka ana komwe makolo amasonkha kangachepe pamwezi.

Palinso nkhani ya chilungamo. Osewera akale a matimu wamba, omwe adapuma opanda penshoni ngakhale ya tambala, angafunse kuti bwanji mwayi ukupita kwa amene ali nako kale kena. Funsoli n'lomveka. Yankho lake n'lakuti MDF ilipirire anthu ake kuchokera m'thumba lake la maphunziro, monga imachitira potumiza asilikali ku maphunziro ena, ndipo kalasi ikatsegulidwa ku Luwinga mipando ina ikhale ya anthu wamba. FAM imapindula chifukwa yapeza kalasi yodzadza ndi wolipira wodalirika, ndipo ndalama zake zachitukuko zochokera ku FIFA zingathandize amene alibe wowalipirira.

Tisaiwalenso ovulala. Asilikali athu adatumizidwa ku Democratic Republic of Congo mu 2013. Mu November 2018 tidataya 6 kufupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 ena atatu adafa pa nkhondo ndi zigawenga za M23. Amene amabwera amoyo koma thupi kapena maganizo zitavulala satchulidwa kawirikawiri. Masewero a Invictus, omwe Prince Harry adayambitsa ku London mu 2014, adakonzedwera anthu otere, ndipo Nigeria idakhala dziko loyamba la mu Africa kutengako mbali mu 2023. Munthu amene sangathenso kuthamanga angathe kulemba za masewero, kusunga nthawi kapena kuyendetsa timu.

Chaka chilichonse mu November timavala duwa lofiira, akuluakulu amaika nkhata pa zipilala za chikumbutso ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi limapempha thandizo. Mwambowu ngwabwino, ndipo dzina la Moyale lenilenilo ndi chikumbutso cha tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adamenya nkhondo mu 1940. Koma msilikali amene akupuma lero si gogo wa ndodo. Ambiri amatuluka adakali ndi mphamvu zogwira ntchito zaka zina 15 kapena 20.

Akuluakulu a ku Moyale akudziwa kale mayina a asilikali omwe apume m'zaka zitatu zikubwerazi, ndipo akudziwa kuti mwa iwo ndani adasewerapo mpira, ndani adamenyapo nkhonya, ndani amalimbitsa anzake thupi m'mamawa. Kuchoka kubalaki kukafika ku Luwinga ndi ulendo wa mphindi zochepa pa galimoto. Chatsala n'chakuti MDF ndi FAM akhale pansi, agwirizane tsiku loyambira kalasi yoyamba ya laisensi D, ndi amene alipire.