Mwana Wopita ku Cuba Ayamba ndi Kuphunzira Kulankhula

Mbiri ikamveka kuti mwana wa m'mudzi wasankhidwa kukaphunzira udokotala ku dziko la Cuba, nthungululu sizicedwa kulira. Abale asonkha kangacepe, amai akazinga nsawawa za pa njira, ndipo pa tsiku la ulendo banja lonse limperekeza mpaka pokwerera basi mu Chipata. Basi itsata mseu wa Great East Road, ioloka mlatho wa Luangwa, nifika ku Lusaka kumene kuli ndeke. Otsala abwerera kumudzi ali ndi cithunzi cimodzi m'mutu: mwana wao atabvala mkanjo woyera, alikupima odwala. Koma mkanjowo ukali patali. Nchito yoyamba imene imuyembekeza tsidya la nyanja ndiyo kuphunzira kulankhula, monga anacitira pamene anali kumbuyo kwa amai ace.

Anthu a ku Cuba amalankhula Cisipanishi, cinenero cimene cinadza pa cisumbuco ndi atsamunda a ku Spain pambuyo pa ulendo wa Christopher Columbus wa m'caka ca 1492. Mphunzitsi, buku, wodwala ndi wogulitsa buledi, onse ndi Cisipanishi cokhacokha. Mwana amene anapambana mayeso pa Chizongwe kapena pa St Monica's apeza kuti Cizungu cace cabwino cija sicimgulira ngakhale kapu ya madzi. Maphunziro a udokotala atenga zaka 6, koma asanawayambe ayenera kutha miyezi yambiri, kawirikawiri caka cathunthu, alikulimbana ndi cinenero.

Njira imeneyi si ya lero. Zambia ndi Cuba anali pamodzi m'gulu la maiko osatsata mbali, limene msonkhano wace unacitikira ku Mulungushi mu Lusaka mu 1970, ndiponso ku Havana mu 1979, kumene Dr Kenneth Kaunda anapezekako. Kuyambira 1977 Cuba anatsegula masukulu a ana a mu Africa pa kacisumbu kochedwa Isla de la Juventud. Ana a ku Mozambique, Angola, Ethiopia ndi Namibia anali kuphunzira theka la tsiku, theka lina nagwira nchito m'minda ya zipatso. Zimbabwe anayamba kutumiza ophunzira uphunzitsi mu 1986, kufikira maphunzirowo anasamukira ku Bindura mu 1996. Mu 1999 anatsegula sukulu yaikulu ya udokotala yochedwa ELAM pafupi ndi Havana, yolandira ophunzira a m'maiko ambiri. M'dziko lino, malo a maphunziro operekedwa ndi maiko abwenzi amadzera ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linalowa m'malo mwa Bursaries Committee pa lamulo la 2016.

Tsiku la wophunzira watsopano liyamba m'nyumba yogonamo anthu ambiri, pa mabedi osanjikiza. Mnzace wa pa bedi la pamwamba angakhale wa ku Angola kapena wa dziko lina limene sanalimvepo ndi kale lonse, kotero kuti ngakhale kubwereka sopo kufuna Cisipanishi. Akadya kabuledi ka m'mawa alowa m'kalasi. M'menemo mphunzitsi aloza citseko, mpando ndi dzanja, nachula maina ace, ophunzira nabwereza monga ana a Giredi 1. Masiku oyamba mutu umawawa, ndipo ena amalira usiku mwakacetecete. Pakupita kwa miyezi ayamba kubwereza maphunziro a sayansi amene anawadziwa kale, koma tsopano m'cinenero ca eni dziko.

Cotonthoza mtima n'cakuti mwana wa Cinyanja safika cimanjamanja. Cisipanishi cili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amveka monga m'Cinyanja. Mau awerengedwa monga alembedwera, kusiyana ndi Cizungu cimene cilemba cina ndi kuchula cina. Cilembo ca ñ ndico "ny" wa m'mau akuti nyama. Ulemu nao ulimo: mnzako umuchula "tú", ndiko kuti iwe, ndipo wamkulu umuchula "usted", ndiko kuti inu. Olankhula Cizungu amabvutika kusiyanitsa "es" ndi "está", koma Mcewa kapena Mngoni adziwa kale kuti kunena kuti "uyu ndi mphunzitsi" n'kosiyana ndi kunena kuti "uyu ali ku Chipata". Ndipo tsiku lina wophunzira adabwa kumva mau a kwao m'kamwa mwa mlendo. Nsapato ndi "zapato", kalata ndi "carta", kapitao ndi "capitán". Mau amenewa analowa m'Cinyanja kudzera mwa Apwitikizi a ku Tete ndi m'cigwa ca Zambezi, ndipo Cipwitikizi ndi Cisipanishi ndi pacibale.

Koma walira mvula walira matope. M'Cinyanja "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la mau, pamene m'Cisipanishi ndi nkhani ina. "Pelo" ndi tsitsi, "pero" ndi koma, ndipo "perro", wa "r" wonjenjemeretsa lilime, ndi galu. Wofuna kumeta tsitsi akapanda kusamala angapemphe kuti amdulire galu. Dzina la cinthu ciliconse lili ndi mbali yace, yacimuna kapena yacikazi, ndipo wophunzira ayenera kuloweza kuti thebulo ndi "la mesa" koma buku ndi "el libro". Mneni asintha mathero ace malinga ndi wocita ndi nthawi, ndipo mathero amenewa ndiwo amadya makandulo usiku.

Mayeso eni ali pa mseu. Anthu a ku Cuba alankhula mofulumira ndi kumeza zilembo, makamaka "s" wa kumapeto. Nsomba imene buku liti "pescado", wogulitsa ati "pecao". Basi imene buku liti "autobús", aliyense pa siteshoni ati "guagua". Wophunzira wokhoza bwino m'kalasi angaime pa sitolo ngati gonthi. Pano mpamene mwambi uja wakuti safunsa anadya phula uonekera. Amanyazi, amene amangodzikundika ndi anzao a ku Zambia ndi kuceza m'Cizungu kapena m'Cinyanja, amacedwa kumasuka lilime. Amene alola kusekedwa, nafunsa amai wosesa m'khonde kapena mdala wa pa cipata kuti abwereze mau, ndiwo amafulumira.

Cakudya naco ndi phunziro. Mpunga ndi nyemba zakuda ndiwo nsima ya kumeneko. Cinangwa, cimene aciti "yuca", kandolo, amene amuti "boniato", ndi nthoci zophika zimakumbutsa kumudzi, koma ufa wa cimanga umene upezeka ndi wacikasu, ndipo eni amauphika ngati phala. Mwana wokulira nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zotendera amagona m'mimba muli mokhuta koma mtima uli ndi njala. Kutentha kwa kumeneko n'kwa cinyontho, ndipo kuyambira June mpaka November ndi nyengo ya mphepo za mkuntho zocokera ku nyanja.

Makolo ayenera kudziwanso kuti Cuba si dziko la mwanaalirenji. America anaika ciletso ca malonda pa dzikolo mu 1962, ndipo pamene Soviet Union inagwa mu 1991, Cuba anataya bwenzi limene linali kumcirikiza. Kusowa kwa zinthu m'masitolo ndi kuzima kwa magetsi n'zodziwika kwa aliyense wokhalako. Mu October 2024 magetsi anazima cisumbu conse. Sukulu ipatsa wophunzira pogona ndi cakudya, koma ndalama ya m'thumba ndi yocepa. Tsono kholo limene lituma uthenga wakuti mwana atumize ya feteleza kapena ya malata, poganiza kuti aliyense wokwera ndeke walemera, limsenzetsa katundu wosayenera. Cimene mwanayo afuna kucokera kumudzi ndi mau olimbikitsa ndi nkhani za kwao: mvula yagwa bwanji, Nc'wala inayenda bwanji ku Mtenguleni, ndani wakwatiwa. Kale kalata inali kutha masabata pa njira. Kuyambira December 2018 intaneti inayamba kupezeka pa mafoni a m'manja ku Cuba, ndipo kulankhulana kwapepukirako. Woimba foni akumbukire kuti dzuwa la kumeneko litsalira ndi maola 6 kapena 7. Pamene ku Chipata alikudya nsima ya madzulo, ku Havana ndi masana ndipo mwana angakhale m'kalasi.

Tsiku limafika pamene wophunzira alota maloto m'Cisipanishi, kapena aseka nthabwala ya m'basi popanda womasulira. Pamenepo khomo latseguka. M'zaka zotsatira alowa m'zipatala, naphunzira kufunsa wodwala kuti "¿Dónde le duele?", ndiko kuti, kodi pakuwawa ndi pati? Aphunziranso mwambo wa madokotala a ku Cuba, woyendera mabanja khomo ndi khomo kuti matenda apezeke asanakule. Ophunzira amatumidwa m'makomo kukafunsa ngati muli wotentha thupi, makamaka pa nthawi ya matenda a dengue ofalitsidwa ndi udzudzu.

Pobwera kwao, ulendo wa lilime uyambanso. Dokotala watsopano ayenera kulembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, ndipo zonse zimene anaziloweza m'Cisipanishi ayenera kuzitembenuzira m'Cizungu ca m'zipatala za dziko lino. Matenda nao ndi osiyana. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 1973 kuti malungo anatha ku Cuba, pamene kuno Kum'mawa malungo ndi mlendo wa dzinja lililonse. Cotero wobwera kumene ayenera kudzicepetsa ndi kuphunzira kwa anamwino amene akhala zaka zambiri pa nchito.

Koma pali cuma cimodzi cimene caka coyamba cija cimpatsa, cimene sicilembedwa pa satifiketi. Pa cipatala ca Chipata Central, ca Mwami kapena ca St Francis ku Katete pafika agogo ocokera kutali, amene sadziwa liu ndi limodzi lomwe la Cizungu. Iwo ati m'mimba mulikupotokola, mtima ulikuthamanga, mwendo wacita dzanzi. Akaona mkanjo woyera, mau amawathawa. Dokotala amene anaimapo pa sitolo ya ku Havana, ndalama ili m'manja koma pakamwa pali pouma, adziwa manyazi amenewo. Iye sakalipa kapena kuyang'ana koloko. Akoka mpando, apereka moni wa ulemu, nafunsa m'Cinyanja kufikira agogo atanena zonse.

Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwana amene abwera ndi Cisipanishi ndi Cizungu koma nacita manyazi ndi cinenero ca amai ace wataya phunziro lalikulu la ulendo wace. Makolo amene ali ndi ana tsidya la nyanja awalembere ndi kuwaimbira foni m'Cinyanja, kuti pa tsiku limene adzatsika basi mu Chipata adzathe kumva odwala a kwao.